Fungo la utsi wa galimoto: mafunso ndi mayankho kwa madalaivala a ku Mulanje

Galimoto isanafe panjira imayamba yadandaula, ndipo madandaulo ambiri amayamba kufika pamphuno. Dalaivala wa minibasi ya pakati pa Limbe ndi Muloza, wa Sienta ya pa Chitakale, wa lole yonyamula masamba a tiyi m'maesiteti, onsewa amamva fungo lachilendo masiku angapo vuto lisanakule. Chovuta n'chakuti mphuno imazolowera msanga. Pakatha sabata munthu salimvanso fungolo, pamene injini ikupitiriza kuwonongeka ndipo anthu amene wawanyamula akupuma zoipa. Mafunso ali m'munsiwa amamveka kawirikawiri m'magalaja ndi m'masiteji. Mayankho ake athandize mwini galimoto kuzindikira chimene wamva, kupeza gwero lake asanagule chitsulo chilichonse, ndi kudziwa nthawi yoyenera kuimika galimoto osapitirira.

Kodi utsi wa galimoto yabwinobwino umayenera kununkha bwanji?

Injini ya petulo imasakaniza mafuta ndi mpweya, pulagi n'kuyatsa moto. Kuti mafuta apse bwino pamafunika pafupifupi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Muyezo umenewu ukakhala m'malo mwake, zotsala za motowo zimakhala nthunzi ya madzi ndi mpweya wa carbon dioxide, kuphatikiza tizotsalira toipa pang'ono. Tizotsalirato timakapsera mu catalytic converter, kabokosi kachitsulo kamene kali pa paipi ya ekizozi pafupi ndi injini. Kabokosika kamayamba ntchito kakatentha kufika madigiri 300 kapena kuposa.

N'chifukwa chake mukangoliza galimoto m'mawa mumamva kafungo ka petulo kwa mphindi zochepa. Injini yozizira imapatsidwa mafuta ochulukirapo, ndipo kabokosi kaja kamakhala kasanatenthe. Injini ikatentha, utsi suyenera kuoneka ndipo fungo liyenera kuchepa kwambiri. Chilichonse chosiyana ndi zimenezi chifufuzidwe pofunsa mafunso atatu: likununkha chiyani, utsi wake ndi wamtundu wanji, ndipo zikuchitika nthawi yanji? Musayandikize nkhope ku paipi pofuna kununkhiza. Imani chapatali, panja pamene pakupita mphepo.

M'mawa wa chiperoni galimoto yanga imatulutsa utsi woyera ndipo ku ekizozi kumadontha madzi. Kodi injini yatha?

Ayi, nthawi zambiri palibe cholakwika. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzinso, ali ngati nthunzi. Kukatentha simuyiona, koma m'miyezi ya June ndi July, chifunga chikakuta phiri ndipo kamvula ka chiperoni kakuwaza, nthunziyo imaoneka bwino ikangotuluka. Imakhala yopyapyala, imabalalika msanga, ilibe fungo lachilendo, ndipo imachepa injini ikatentha.

Chimene muyenera kusamala nacho ndi madzi otsalira mu sailensa. Galimoto imene imangoyenda kuchoka pa Boma kufika pa Chitakale n'kuzimitsidwa siitenthetsa ekizozi mokwanira kuti madziwo aume. Amakhala m'katimo n'kumadya chitsulo, ndipo pamodzi ndi chinyezi ndi matope a kuno, sailensa imabooka msanga. Kamodzi pa sabata iyendetseni ulendo wotalikirapo, monga wa ku Luchenza kapena ku Limbuli, kuti ekizozi itenthe mpaka kumapeto.

Nanga utsi woyera ukakhala wochindikala, wosatha, wa fungo lotsekemera?

Apo ndiye pali nkhani. Madzi oziziritsa injini akulowa m'masilinda n'kumapsera limodzi ndi mafuta. Kawirikawiri chimakhala chapsa ndi gasiketi ya pakati pa mutu wa injini ndi buloko, kapena mutuwo wapindika kapena kung'aluka chifukwa injini inatenthapo mopitirira. Kutsekemerako kumachokera ku ethylene glycol, mankhwala a mu coolant. Koma ambiri kuno amathira madzi a pampopi okhaokha mu radiyeta, ndiye fungo lotsekemeralo samalimva. Musadalire mphuno yokha.

Onani zizindikiro zina. Madzi a mu radiyeta akuchepa tsiku lililonse koma pansi sipakudontha. Injini ikunjenjemera mukangoiliza m'mawa. Oyilo wa pa dipstick kapena pansi pa chitsekerero cha oyilo wasanduka ngati tiyi wothira mkaka. Injini ili yozizira, tsegulani radiyeta, lizani galimoto, muone ngati madzi akuchita thovu mosalekeza. Radiyeta yotentha musaitsegule, madzi ake amathuvuka n'kuwotcha nkhope ndi manja.

Kukonza kwake ndi kuchotsa mutu wa injini, kukaupimitsa ndi kuusalazitsa kwa amene ali ndi makina ake ku Limbe kapena ku Blantyre, kuika gasiketi yatsopano, ndi kumanga mabawuti motsatira ndondomeko ndi muyezo wake. Chofunika koposa ndi kupeza chimene chinatenthetsa injiniyo: fani yosazungulira, pampu ya madzi, radiyeta yotsekeka ndi dzimbiri kapena matope, paipi yong'ambika. Mukasiya gwero, gasiketi yatsopanoyo ipsanso.

Fungo lotsekemera likamamveka m'kati mwa galimoto, galasi lakutsogolo n'kumachita nthunzi komanso kapeti wa kutsogolo n'kumanyowa, chikudontha ndi karadiyeta ka hita kuseri kwa dashibodi. Coolant ndi poizoni. Wotayikira pansi mukwirireni ndi dothi, ndipo botolo lake likhale kutali ndi ana ndi ziweto.

Kumbuyo kwa galimoto kukununkha dzira lowola. Chikuchitika n'chiyani?

Petulo amakhala ndi sulfure pang'ono. Zinthu zikamayenda bwino sulfureyo amatuluka osamveka kwenikweni. Injini ikamapatsidwa mafuta opitirira muyezo, catalytic converter imalemedwa ndipo sulfure amatuluka ngati mpweya wa hydrogen sulphide, umene ndi fungo lenileni la dzira lowola. Likamveka kamodzi mutakwera chitunda ndi katundu wolemera, kenako n'kutha, musade nkhawa. Likamamveka tsiku ndi tsiku, pali chimene chikuthira mafuta ambiri, kapena kabokosi kaja katha ntchito. Sinthaninso malo omwetsera mafuta kwa matanki awiri kapena atatu muone ngati fungolo lisintha.

Musanaweruze ekizozi, tsegulani boneti. Batire imene ikulandira moto wambiri kuchokera ku alitaneta imawira n'kutulutsa fungo lomwelo. Imakhala yotentha, nthawi zina yofufuma m'mbali, ndipo madzi ake amatha msanga. Injini ikulira, mita iyenera kuonetsa pakati pa mavoti 13.5 ndi 14.5. Ikafika 15 kapena kuposa, vuto lili ku regulator ya alitaneta. Batire yowira imatulutsanso mpweya woyaka, choncho musasute fodya kapena kugwedeza mawaya pafupi nayo. Zimitsani injini, idikireni izizire, kenako itanani wodziwa za magetsi a galimoto.

Utsi ukununkha petulo wosapsa, ndi wakuda, ndipo galimoto ikumwa mafuta modabwitsa. Ndiyambire pati?

Yambirani pa zotsika mtengo. Choyamba ndi sefa ya mpweya. M'misewu yadothi ya m'maesiteti ndi m'midzi, kuyambira August mpaka mvula itagwa, fumbi lofiira limatseka sefa isanakwane nthawi yolembedwa m'buku la galimoto. Itulutseni, muyang'anire kudzuwa. Ngati kuwala sikukudutsa, isinthidwe. Chachiwiri ndi mapulagi ndi makoyilo. Silinda imodzi ikaleka kuyaka, petulo wake amangodutsa wosapsa n'kukalowa mu ekizozi, injini n'kumanjenjemera. Pulagi ya mwaye wakuda wouma imasonyeza mafuta ambiri, yonyowa ndi petulo imasonyeza kuti moto sukufika.

Chachitatu ndi thermostat. Pali chizolowezi choichotsa poganiza kuti kwathu kuno n'kotentha ndiye ilibe ntchito. Zotsatira zake n'zakuti injini imachedwa kufika pa kutentha kwake, komwe ndi madigiri apakati pa 80 ndi 95, makamaka m'nyengo yozizira ndi potsetsereka. Kompyuta ya galimoto imaona ngati kukadali m'mawa ndipo imapitiriza kuthira mafuta ambiri. Ngati muvi wa kutentha sukukwera kufika pamalo pake ngakhale mwayenda mtunda wautali, funsani ngati thermostat ilipo.

Zikatha izi mufike ku masensa: ya mpweya wolowa imene ili pafupi ndi sefa, ya kutentha kwa madzi, ndi ya oxygen imene ili pa ekizozi. Pomaliza ndi manozo, timipopi topopera mafuta mu injini, amene akatha amadontha m'malo mopopera. Izi zimafunika kupimidwa, osati kungosintha mongoyerekeza.

Pali fungo lina la petulo limene silichokera ku utsi. Mukalimva injini ili yozima, kapena m'kati mwa galimoto, kapena mukaona ponyowa pansi pa thanki, ndiye kuti petulo akuchucha pa paipi, pa thanki kapena pa pampu. Miyala ya m'misewu yokumbika imaboola thanki ndi kuthyola mapaipi a pansi. Galimoto yotere isalizidwe mpaka pochuchapo patapezeka, chifukwa dontho limodzi pa ekizozi yotentha likhoza kuyatsa galimoto yonse.

Utsi wabuluu wonunkha oyilo wopserera ukutanthauza kuti injini iphwasulidwe?

Osati nthawi zonse. Nthawi imene utsiwo umatuluka ndiyo imaloza kumene oyilo akulowera. Ukatuluka pongoliza m'mawa n'kutha, kapena mutatsetsereka mtunda wautali phazi lili kumbali kenako n'kuponda moto, okayikitsa ndi timalabala ta mavavu. Msewu wa Midima ndi poyesera pabwino: potsika kuchokera ku Limbe, mnzanu akutsatireni pambuyo aone ngati utsi wabuluu ukuphulika pamene mwayambanso kuponda moto pansi pa chitunda. Timalabalati timasinthidwa osakhudza mapisitoni. Utsi ukamatuluka nthawi zonse, makamaka pokwera chitunda, ndipo mukatsegula chitsekerero cha oyilo pakutuluka mpweya wamphamvu, ndiye kuti maring'i atha. Kupima compression ndiko kumatsimikiza.

Musanafike kumeneko onani zazing'ono. Oyilo wothiridwa mopitirira mzere wa pamwamba amapsa n'kutulutsa utsi. Kavavu ka PCV, kamene kamabweza mpweya wa m'mimba mwa injini, kakatsekeka kapena kukanirira kamachititsanso zomwezo, ndipo n'kotsika mtengo. Pa galimoto ya turbo, oyilo akhoza kudutsira pa turboyo. Fungo la oyilo wopserera likamachokera ku boneti koma kumbuyo kulibe utsi, oyilo akudonthera pa ekizozi yotentha kuchokera pa gasiketi ya chivindikiro cha pamwamba.

Kuthira oyilo wolemera kwambiri kuti utsi uchepe kumangobisa matenda. Injini za Sienta, Vitz, Passo ndi zinzake zinapangidwira oyilo wopepuka, ndipo wolemera amachedwa kufika pamwamba injini ikangolizidwa. Podikira kukonza, onani dipstick m'mawa uliwonse. Injini yodya oyilo imayendabe, koma youma oyilo imafa tsiku lomwelo.

Utsi umamveka m'kati mwa galimoto ndipo okwera amadandaula mutu. Kodi n'zoopsa?

Pa mafunso onse, ili ndilo la moyo ndi imfa. Mu utsi wa galimoto muli mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Ulibe fungo ndipo suoneka. Chimene mukununkhizacho ndi zinthu zina za mu utsimo, koma zikukuuzani kuti nawonso walowa. M'magazi umagwira mwamphamvu kuwirikiza ka 200 kuposa oxygen, motero thupi limasowa mpweya ngakhale munthu akupuma. Umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka ndi tulo. Ambiri amangoti ndi malungo kapena kutopa. Chizindikiro chake ndi ichi: anthu angapo a m'galimoto imodzi akudwala mutu nthawi imodzi, ndipo akatsika n'kupuma mpweya wa panja amapezako bwino. Makanda, amayi oyembekezera ndi odwala mtima ndiwo amavulala msanga. Dalaivala akayamba kusinza ndi mpweya umenewu, ngozi yake imagwera onse.

Utsi umalowa m'njira zodziwika. Pa Hiace, Bongo ndi Vanette injini ili pansi pa mipando yakutsogolo, ndiye labala ya chivindikiro chake ikatha, utsi wochucha pa manifodi umakwera molunjika kwa dalaivala ndi okhala pambuyo pake. Pansi pa galimoto podyeka ndi dzimbiri pamalowetsanso. Njira ina ndi imene timaiona tsiku la msika pa Limbuli ndi pa Nkando: chitseko chakumbuyo chosatsekeka, chomangidwa ndi chingwe pamwamba pa matumba, nthochi ndi nanazi. Galimoto ikamathamanga, mpweya wa kumbuyo kwake umazungulira n'kukokera utsi m'kati kudzera pa chitseko chimenecho, ndipo oyamba kuupuma ndi a mpando wakumbuyo. Ekizozi yothyoka imene ikuthera pansi pa galimoto m'malo mofika kumbuyo imachitanso chimodzimodzi.

Wina akayamba kudwala, imikani, zimitsani injini, onse atuluke. Wokomoka, wosanza kapena wosokonezeka mutu afulumizidwe naye ku chipatala cha boma cha Mulanje, ku Mulanje Mission kapena chipatala chilichonse chapafupi, pa galimoto ina, ndipo muwauze achipatala kuti wapuma utsi wa galimoto, chifukwa chithandizo chake ndi oxygen. Musagone m'galimoto injini ikulira, kaya mukudikira kuti chipata cha Muloza chitsegulidwe, kaya kukuzizira bwanji. Musaisiyenso ikulira mu galaja yotseka.

Pochucha utsi ndingapapeze bwanji, ndipo pamakonzedwa motani?

Yesani m'mawa injini ili yozizira, galimoto ili panja. Mukangoiliza mverani. Kaphokoso kothetheka kofulumira kumbali ya injini, kamene kamachepa ikatentha, kamasonyeza gasiketi ya manifodi kapena manifodi yong'aluka. Kulira kokhuthala pansi pa galimoto ndi paipi kapena sailensa yobooka. Yang'anani mwaye wakuda pa molumikizira monse, chifukwa utsi umasiya chizindikiro pamene ukudutsa. Mnzanu atseke kukamwa kwa ekizozi ndi chisanza chochindikala kwa masekondi ochepa. Ngati pali bowo mudzamva mpweya ukutulukira pamenepo, ndipo madzi a sopo owazidwa pa molumikizira, paipi isanatenthe, amachita thovu. Musalowe pansi pa galimoto yonyamulidwa ndi jeke yokha. Pitani pa dzenje la galaja kapena ichirikizeni ndi zolimba.

Gasiketi yopsa isinthidwe. Kachigawo kopindika ka paipi, koluka ndi timawaya, kakang'ambika kadulidwe n'kuikapo kena. Bowo la pa chitsulo chimene chikadali cholimba owotcherera amalitseka, koma paipi yodyeka ndi dzimbiri ponseponse imabookanso pambali pa chigambacho, ndiye ndi bwino kusintha chigawo chonse. Powotcherera pafupi ndi thanki pamafunika kumasula paipiyo kaye, ndipo batire ichotsedwe waya kuti kompyuta isapse. Malabala opachikira ekizozi akaduka agulidwe ena. Waya womangira amagwedeza paipi mpaka kuithyola pa molumikizira. Mukadutsa m'madzi kapena m'matope akuya nyengo ya dzinja, suzumirani pansi, chifukwa chitsulo chotentha chikamizidwa m'madzi ozizira chimatha kung'aluka.

Nanga galimoto za dizilo, poti zimanunkha kale?

Dizilo ali ndi fungo lake, koma kusintha kwake kumamvekabe. Utsi wakuda pokwera chitunda umasonyeza kuti mafuta achuluka kuposa mpweya: sefa yatsekeka, paipi ya turbo yang'ambika, vavu ya EGR yadzaza mwaye, manozo atha, kapena wina anapotokola pampu pofuna mphamvu. Katundu wopitirira muyezo amawonjezera vutolo. Utsi woyera wolasa m'maso ndi dizilo wosapsa. Ukamatuluka m'mawa wozizira wokha, galimoto n'kumavuta kulira, yambani ndi ma heater plug. Ukamapitirira injini itatentha, pimitsani manozo, taimingi ya pampu ndi compression. Fungo la utsi pansi pa boneti, pamodzi ndi phula lakuda louma mozungulira manozo, ndi mawashala a manozo amene apsa. Ndi otsika mtengo, koma akasiyidwa nozo imakanirira m'mutu wa injini.

Madizilo atsopano ali ndi sefa ya mwaye yotchedwa DPF, imene nthawi ndi nthawi imadziwotcha yokha kuti iyere. Pamenepo pamamveka fungo la chinthu chotentha kwambiri ndipo fani imalira. Si vuto, koma imafuna ulendo wautali pa msewu wa tala kuti imalize. Malole ogwiritsa ntchito AdBlue akamanunkha ammonia, dongosolo limenelo liwonedwe.

Utsi wa dizilo musautenge mopepuka. Mu 2012 bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linauika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu. Makondakitala, oitanira ndi amayi ogulitsa malonda m'masiteji amaupuma tsiku lonse. Kuzimitsa injini podikira anthu kumapulumutsa mafuta anu ndi mapapo awo.

Ndinathira mafuta a m'zigubu ndipo fungo lasintha. Ndichite chiyani?

Mafuta akamasowa m'malo omwetsera, zigubu ndi mabotolo zimachuluka m'mbali mwa msewu, makamaka madera a m'malire ngati kuno. Malamulo salola kugulitsa mafuta popanda chiphaso cha MERA, ndipo wogula alibe njira yodziwira chimene chili m'chigubumo. Petulo wosakaniza ndi palafini amanunkha nyali, galimoto imavuta kulira, ndipo injini imagogoda pokwera chitunda. Palafini mu dizilo amachepetsa kuterera kumene pampu ndi manozo zimadalira, ndiye zimatha msanga. Fumbi ndi dzimbiri la m'zigubu zimatseka sefa ya mafuta.

Madzi ndi vuto lapadera. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito imene inayamba ku Dwangwa mu 1982, ndipo PressCane ya ku Chikwawa inalowapo mu 2004. Ethanol payekha si vuto, koma amakoka madzi. Petulo wotere akalowa madzi ambiri, ethanol ndi madziwo zimapatukana ndi petulo n'kukhala pansi pa thanki, pamene pampu imayamwira.

Ngati injini yayamba kugogoda, kuzima kapena kutulutsa utsi mutangothira, musaikakamize. Thanki ikhutulidwe, sefa ya mafuta isinthidwe, mapulagi awonedwe. Thirani pang'ono mafutawo mu botolo loonekera, muwasiye akhazikike, madzi adzaoneka pansi. Osayamwa mafuta ndi pakamwa pa paipi, akalowa m'mapapo amavulaza kwambiri.

Amakaniko akuti tingochotsa catalytic converter. Ndivomere?

Funsani kaye umboni woti yatsekeka. Yotsekeka imafooketsa galimoto: pokwera ku Thyolo kapena ku Limbe mumaponda moto koma liwiro silikwera, kumbuyo kumatuluka mpweya wochepa, ndipo nthawi zina kabokosiko kamafiira ndi kutentha. Yosweka m'kati imachita phokoso la timiyala mukaigogoda ili yozizira. Dziwaninso kuti m'kati mwake muli platinum, palladium ndi rhodium, zitsulo za mtengo wapatali, ndipo zambiri mwa platinum wa padziko lonse amakumbidwa ku South Africa. Zam'katimo zili ndi msika wake, choncho ntchito ya pa ekizozi izichitika inu mukuona, ndipo chochotsedwa chibwezedwe kwa inu. Pogula galimoto yogwirapo ntchito onetsetsani kuti kabokosika sikanakhutulidwe.

Kawirikawiri kabokosika sikamafa kokha. Kale ankakapha ndi petulo wa lead, koma ameneyo analeka kugulitsidwa m'maiko a kum'mwera kwa Sahara mu 2006. Lero chimakapha ndi petulo wosapsa wochokera ku pulagi kapena koyilo yakufa, oyilo wopsera mu injini, coolant, ndi kumenyetsa pa miyala. Mukaika kena musanakonze zimenezi, nakonso kafa.

Mukakachotsa, utsi umanunkha mobaya pakhosi, nyale ya check engine imayaka osazimanso n'kumabisa mavuto ena, ndipo carbon monoxide amachuluka kwambiri, moti kabowo kakang'ono pa ekizozi kamakhala koopsa kuposa kale. N'zoona kuti katsopano n'kodula. Njira yapakati ndi kufunafuna kabwino kochotsedwa pa galimoto ina yamtundu womwewo kwa ogulitsa zida ku Limbe ndi ku Ndirande.

Kodi fungo lililonse lopserera limachokera ku ekizozi?

Ayi. Fungo lowawa mutatsika chitunda mutaponda mabuleki njira yonse ndi la mabuleki otentha. Tsikani ndi giya yaing'ono, ndipo ngati tayala limodzi lokha ndilo likutentha, buleki yake yakanirira. Fungo lofanana nalo ponyamuka pa chitunda ndi katundu ndi la kilatchi. Jumbo yomatirira pa paipi yotentha imanunkha masiku angapo, ipaleni paipi ikazizira. Udzu wouma wokodwa pansi umayaka, choncho m'chilimwe musaimike galimoto yotentha pa udzu wautali. Fungo la pulasitiki wopsa m'kati mwa galimoto ndi la mawaya: zimitsani msanga ndipo chotsani waya wa batire.

Ndikafika kwa makaniko ndinene chiyani, ndipo ndi liti pamene sindiyenera kuyendetsanso?

Musangoti galimoto ikununkha. Nenani fungo lake, mtundu wa utsi, nthawi imene zimachitika, kumene munamwetsa mafuta komaliza, ntchito imene inagwiridwa posachedwa, ndi kuchuluka kwa oyilo kapena madzi amene mukuwonjezera pa sabata. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zili ndi polumikizira kompyuta pansi pa chiwongolero. Makaniko akalumikiza kompyutayo, nambala imene imatuluka imaloza dera la vuto: P0300 ndi masilinda osayaka bwino, P0171 ndi mafuta ochepa, P0172 ndi mafuta ochuluka, P0420 ndi catalytic converter yofooka. Nambalayo siikutchula chitsulo choti mugule. Bowo la pa ekizozi kutsogolo kwa sensa ya oxygen limalowetsa mpweya, sensa n'kupempha mafuta owonjezera, munthu n'kugula sensa yatsopano pamene pamafunika gasiketi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: makaniko wabwino amapima asanamasule, ndipo amakuonetsani chimene wapeza.

Utsi wabuluu pang'ono m'mawa, kapena fungo la dzira la apo ndi apo, zikhoza kudikira sevisi yotsatira, bola mukuona oyilo. Utsi wakuda, kumwa mafuta kwambiri ndi phokoso la ekizozi zikonzedwe sabata yomweyo, osadikira tsiku la COF. Koma imikani galimoto pomwepo ngati petulo akuchucha, ngati muvi wa kutentha wafika pofiira, ngati nyale ya oyilo yayaka, ngati nyale ya check engine ikuthwanima injini ikunjenjemera, kapena ngati utsi ukulowa m'kati. Mafuta onunkhira opachika pa galasi sachotsa chilichonse mwa zimenezi. Ndalama ya tsiku limodzi imene minibasi yaima idzapezekanso mawa, koma anthu amene akwera galimoto yanu sangathe kuona pansi pake. Amene mungaone ndi kukonza ndinu.